Nyimbo ikumveka motsika pa fulashi, koma ndikakankha limiter besi ikuphwanyika

Mnyamata_wa_FL

Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni pa nkhani ya kukwera kwa mawu. Ndili ndi nyimbo ya amapiano, liwiro lake 112 BPM (kugunda 112 pa mphindi), ndamikisira mu pulogalamu ya FL Studio. Mita ya Youlean ikuonetsa -14 LUFS integrated (muyezo wa kukwera kwa mawu a nyimbo yonse) ndi true peak (nsonga yaitali kwambiri ya mawu) ya -1, monga ambiri amanenera kuti Spotify imafunira. Koma ikakhala pa fulashi limodzi ndi nyimbo za ena, kapena ikapita pa WhatsApp, ikumveka yapansi kwambiri, moti ikangofika munthu akumathamangira kukweza voliyumu. Ndikakankha limiter (chipangizo choletsa mawu kupyola denga) kuti nyimbo ifike -8, log drum (besi ya amapiano) ikulira mosasa ngati sipika yong'ambika, kick (ng'oma yaikulu) ikuzimirira, ndipo mawu a woyimba akumamira nthawi iliyonse besi ikamenya.

Kodi -14 imeneyi ndi lamulo? Nanga anzathu amafika bwanji pa -8 besi ili yoyera? Komanso ndizitulutsa mafayilo awiri, ina ya pa intaneti ina ya ku wailesi ndi pa fulashi, kapena imodzi ikwana?

Khutu_Lakuthwa

Achimwene, -14 si lamulo, ndipo Spotify sibweza nyimbo chifukwa yakwera kupitirira pamenepo. Imangoyeza nyimbo yanu ikailandira n'kusunga nambalayo, ndiye poiliza imatsitsa kapena kukweza voliyumu kuti nyimbo zonse zimveke pa mlingo umodzi. Fayilo yeniyeniyo siikhudzidwa. Mukatumiza ya -8, aitsitsa ndi 6 dB, basi. YouTube nayo imatsitsa zokwera kufika cha pa -14 pomwepo, koma yotsika siikweza. Apple Music, Sound Check ikakhala yotsegula, imaika nyimbo cha pa -16. Pa Spotify pomwepo, wolipira akhoza kusankha -11, -14 kapena -19, kapenanso kuzimitsiratu zofananitsazo. Koma pa fulashi, pa memori khadi, pa WhatsApp, pa laputopu ya DJ wa paukwati, palibe amene amayeza kanthu. Nyimbo imalira monga inatulukira pakompyuta panu. N'chifukwa chake yanu ikugwa ikatsatana ndi za -8. Makutu amamva ngati mawu achepa ndi theka kusiyana kukafika cha pa 10 dB, ndiye 6 dB si pang'ono.

Koma kukwerako kuli ndi mtengo wake, ndipo mukhoza kuuwerengera. Onani mtunda wa pakati pa true peak ndi integrated, umene amautcha PLR. Nyimbo ya -14 yokhala ndi nsonga pa -1 ili ndi 13 dB ya malo oti kick ndi snare zidumphiremo pamwamba pa zina zonse. Ya -8 yatsala ndi 7 dB yokha. Ziwirizi zikakumana pa Spotify zimafananitsidwa, ndipo ya -8 ija nsonga zake zimathera pa -7, pamene inzake ikumenyabe mpaka -1. Pamenepo yokankhidwa ija ndi imene imamveka yaing'ono ndi yobanika. Pa fulashi zinthu zimatembenuka. Ndiye funso loyamba ndi lakuti anthu anu amamvera kuti.

Muyeneranso kudziwa mmene mita imamvera, chifukwa vuto lanu lagona pamenepo. LUFS inachokera pa muyezo wa ITU-R BS.1770 wa mu 2006, umene EBU, bungwe la mawailesi a ku Ulaya, inamangirapo muyezo wake wa R128 mu 2010. Mita isanawerenge imayamba yasefa mawu kuti itsanzire khutu la munthu: imachepetsa za pansi pa 100 Hz, n'kuwonjezera pafupifupi 4 dB pa zopitirira 2 kHz. Tanthauzo lake n'lakuti besi ya pansi penipeni siikweza LUFS kwenikweni, chonsecho ndi imene imadzaza limiter kuposa china chilichonse. Mukhoza kukhala ndi log drum imene ikudya theka la malo onse, mita n'kumaonetsabe kuti nyimbo ndi yotsika. Mukakankha limiter mukulimbana ndi besiyo, ndipo woyimba ndi amene akuvulala nazo, chifukwa limiter ikatsitsa imatsitsa zonse pamodzi. Kumira kwa mawu kumene mukumvako ndi kumeneko.

Pa mita pali manambala atatu. Momentary imayeza 400 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi), short-term imayeza masekondi 3, integrated imayeza nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Integrated ili ndi chipata: imataya zonse za pansi pa -70 LUFS, kenako imatayanso zigawo zotsika ndi 10 LU (LU imodzi ndi yofanana ndi dB imodzi) kuchokera pa avareji. Choncho musaiwerenge mutangoliza kolasi yokha. Ifafanizeni, lizani nyimbo yonse, ndiye muone. Pa ntchito ya mastering, yomalizitsa nyimbo itamikisidwa, ine ndimakhulupirira kwambiri short-term ya pamalo paphokoso kwambiri m'nyimbo, poti amapiano imakhala ndi chiyambi chachitali cha mashaker ndi mapad, ndipo nyimbo ziwiri za integrated yofanana zikhoza kusiyana kwambiri log drum ikalowa.

Musanasinthe chilichonse chitani ichi. Tengani nyimbo ziwiri kapena zitatu za mtundu womwewo zimene mumazisirira, zikhale WAV kapena MP3 ya 320, osati zotsitsidwa pa vidiyo. Ziikeni mu pulojekiti pa njira yosadutsa mu limiter yanu, muziyeze, kenako muzitsitse mpaka zifanane ndi yanu pa LUFS. Kusiyana kwa 1 dB yokha kumanamiza khutu kuti yokwerayo ndiyo yokoma, ndiye kuyerekeza osafananitsa n'kudzinyenga. Zikafanana mudzamva zenizeni. Kawirikawiri mudzapeza kuti zawozo besi ya pansi ndi yochepa kuposa mmene mumaganizira, ndipo mphamvu yambiri ili pakati, kuyambira 200 Hz mpaka 5 kHz.

Dzanja_pa_Fader

Zimene afotokoza akuluwa ndi zoona. Ine ndilowe pa funso lachiwiri, la mmene amafikira pa -8 kapena -9 zinthu zili zoyera. Ntchito yaikulu imachitika mu mikisi, limiter imangomalizitsa.

Yambani ndi kuyang'ana pa master, traki imene mawu onse amadutsamo potuluka. Template ina imene FL Studio imatsegukira imabwera ndi Fruity Limiter kale pamenepo, ndipo ambiri amamikisa nyimbo yonse ikufinyidwa iwo osadziwa. Ichotseni, pamodzi ndi china chilichonse chokwezera mawu. Tsitsani matraki mpaka nsonga za mikisi yonse zikhale cha pa -6 dBFS. Nambala imeneyi ilibe matsenga, poti mkati mwa pulogalamu mawu amayenda pa 32-bit float ndipo saphwanyika msanga. Ubwino wake n'kuti mapulagini otsanzira zipangizo zakale ambiri anapangidwa kuti azilandira mawu a cha pa -18 dBFS, ndipo mukawathira ochuluka amayamba kusasa musanafune.

Kenako pezani chimene chikupanga nsonga zazitali. Tulutsani mikisi yopanda limiter muione mawonekedwe ake. Mudzaona timinga tatitali pamene kick ndi log drum zikumenyera limodzi. Mafunde awiri ofanana kukula akakumana akukwera limodzi amawonjezera 6 dB, ndipo 6 dB imeneyo limiter iyenera kuimeza m'kanthawi kochepa zedi. Njira zake zilipo zingapo. Sankhani mwini wake wa pansi penipeni: mu amapiano nthawi zambiri ndi log drum, ndiye kick ikhale yaifupi, mchira wake mufupikitse, ndipo muidule pansi pa 40 kapena 50 Hz kuti ingopereka kugunda. Ikani sidechain yoti kick ikamenya log drum itsike ndi 2 mpaka 4 dB. Pa 112 BPM kugunda kumodzi ndi 60000 kugawa ndi 112, kumene ndi 536 ms, ndipo gawo limodzi mwa anayi ndi 134 ms, choncho release (nthawi imene mawu otsitsidwa amatenga kuti abwerere) ya 80 mpaka 130 ms imabweza besi isanafike noti yotsatira. Mukhozanso kutembenuza polarity ya kick, kuti funde lake lizondoke, n'kuona ngati nsonga zatsika besi osachepa m'makutu.

Dulani zapansi pa chilichonse chosafunika besi. Mawu a woyimba pa 80 mpaka 100 Hz, mapad ndi piyano cha pa 120 mpaka 150 malinga ndi makiyi amene akuimbidwa, mashaker ndi mahat pamwamba kwambiri kuposa apo. Reverb nayo muidule pansi pa 200 Hz, imabisa matope ambiri. Pa log drum penipeni dulani za pansi pa 28 kapena 30 Hz, zimene masipika ambiri satulutsa n'komwe koma zimadya malo.

Tsopano chinthu chimene chimasiyanitsa kwambiri: besi imveke popanda kukula. Noti ya G yapansi ili pa 49 Hz. Sipika ya foni siingatulutse zimenezo, ngakhale kawailesi ka m'nyumba. Mukathira saturation, kusasa pang'ono kwadala, pa log drum mumabereka mawu ena pa 98, 147, 196 Hz ndi kupitirira, ndipo khutu likamva amenewa limadzazamo lokha noti yapansi ija. Chitani pa njira yapambali: tumizani log drum ku traki ina, ithireni saturation yambiri, dulani za pansi pa 100 Hz pa trakiyo, muisakanize pang'onopang'ono. Mukatero mukhoza kutsitsa 49 Hz yeniyeniyo ndi 2 kapena 3 dB besi n'kumamvekabe yonenepa, ndipo ma dB amenewo limiter yapuma nawo.

Pa ng'oma gwiritsani clipper musanafike ku limiter. Clipper imangometa kansonga, siitsitsa nyimbo yonse ngati limiter, ndiye siibweretsa kupuma kuja. Nsonga ya snare kapena ya kick imatha m'ma ms ochepa, ndipo kumetapo 1 mpaka 3 dB khutu silizindikira. Ikani pa gulu la ng'oma lokha, ndipo ngati ili ndi oversampling itseguleni pa 4x kapena kuposa, kupewa timawu tonyansa tobwerera kuchokera pamwamba. Musamete besi yotalika kapena mawu a woyimba mwanjira imeneyi, pamenepo kusasa kumamveka msanga.

Pa master, ndondomeko yosavuta ndi iyi: EQ yokonza pang'ono, yosapitirira 1 kapena 2 dB paliponse, compressor (yotsitsa mawu akakwera) ya ratio 2:1 kapena kucheperapo, attack (nthawi imene imatenga kuti igwire) 30 ms kuti ng'oma zidutse, ikutsitsa 1 mpaka 2 dB, clipper yometa 1 dB, pomaliza limiter. Limiter ikamatsitsa 2 mpaka 3 dB pamalo paphokoso, zili bwino. Ikapitirira 4 kapena 5 nthawi zonse, bwererani ku mikisi. Zipangizo zinayi zogawana ntchito pang'onopang'ono zimamveka bwino kuposa chimodzi chosenza 8 dB chokha.

Kusasa kwa log drum kumene mwanena kukuchokera pa release ya limiter. Funde limodzi la 50 Hz limatenga 20 ms kuti lithe. Release ikakhala yaifupi kuposa pamenepo, limiter imayamba kutsika ndi kukwera mkati mwa funde lomwelo, n'kulisintha mawonekedwe, ndipo chimene mumamva ndi sipika yong'ambika ija. Italikitseni kufika 100 mpaka 200 ms kapena ikani pa auto. Mukaitalikitsa mopitirira, kick imodzi imakokera nyimbo pansi mpaka kick yotsatira, ndiye mufune pakati ndi makutu. Malimiter ena, monga FabFilter Pro-L 2, ali ndi batani loti mumve zokhazo zimene zikuchotsedwa. Mukamvamo timagundo tokhatokha, palibe vuto. Mukamvamo mawu a woyimba kapena noti za besi, mwapyola.

Mnyamata_wa_FL

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayang'ana, Fruity Limiter inalipodi pa master, ndipo ina ndinaiika pambuyo pake, imene imatsitsa 7 mpaka 8 dB. Ndatsegulanso SPAN, pulagini yoonetsa kukula kwa mawu pa Hz iliyonse, ikuonetsa phiri lalikulu pakati pa 45 ndi 55 Hz, lalitali kuposa la nyimbo zoyerekezera zija. Chodabwitsa n'chakuti ndikakhala pampando besiyo sindiimva kuti yachuluka. Masipika anga ndi a mainchesi 5, chipinda ndi cha mamita 3.5 mulitali. Vuto ndi masipika kodi? Ndipo za mafayilo awiri zija ndikudikirabe.

Mmisiri_wa_Zokuzira

Achimwene, manambala mwaperekawo ayankha okha. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Chipinda cha mamita 3.5 chili ndi funde lake loima pa 343 kugawa ndi 7 (kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri), kumene ndi 49 Hz ndendende, pomwe pali phiri lanulo. Funde limeneli limachuluka m'mbali mwa makoma awiriwo, koma pakatikati pa chipinda limazimiririka. Ngati mpando wanu uli pakati, noti imeneyo simuimva, mumaikweza, n'kuikwezanso. Lizani 49 Hz yokha, muyende pang'onopang'ono kuchoka pampando kupita kukhoma la kumbuyo, mudzamva ikutuluka ngati wina wakweza voliyumu. Onjezani kuti masipika a mainchesi 5 ambiri amayamba kufooka pansi pa 50 kapena 60 Hz. Sunthani tebulo kuti mutu wanu ukhale cha pa mamita 1.3 kuchokera kukhoma la kutsogolo, ndipo za pansi pa 80 Hz muziweruza ndi mahedifoni abwino pamodzi ndi SPAN. Timasiponji topyapyala tomata kukhoma sitigwira besi, timangopha mawu apamwamba. Besi imafuna zinthu zochindikala m'makona.

Za ku wailesi, anthu ambiri amaganiza kuti kumafunika fayilo yokwera kwambiri. N'zosiyana. Mawu asanapite ku transmitter ya FM amadutsa mu makina monga Orban Optimod kapena Omnia, kapena pulogalamu ngati Stereo Tool. Mmenemo muli AGC yofananitsa nyimbo zonse, compressor yogawa mawu m'magulu angapo, ndi clipper yoonetsetsa kuti siteshoni isapyole malire a 75 kHz. Nyimbo yotsika imakwezedwa, yokwera imatsitsidwa, ndiye kukwera kwanu sikupindula kanthu. Choipa n'chakuti ambiri mwa makinawa ali ndi phase rotator, imene imasuntha mafunde. Nsonga zimene munazimeta kukhala zafulati zimasandukanso minga, makina n'kuzimetanso kachiwiri, ndipo kusasa kumawirikiza. Komanso FM imakweza mawu apamwamba isanawatumize. Pa muyezo wa 50 µs umene umagwira ntchito ku Ulaya ndi kuno, 10 kHz imakwera ndi pafupifupi 10 dB. Nyimbo yowala mopitirira, ya ma "s" akuthwa ndi mashaker olasa, imakakamiza makina kutsitsa zapamwamba zonse, ndiye imatuluka yogontha. De-esser, yochepetsa ma "s", pa woyimba, cha pa 5 mpaka 8 kHz, imathandiza pa wailesi kuposa 1 dB yowonjezera pa limiter.

Maganizo anga ndi oti mutulutse master imodzi yabwino, ya pakati pa -10 ndi -9 LUFS pa nyimbo yovinitsa ngati yanuyo. Pa fulashi siidzagwa kwambiri pafupi ndi za -8, poti 1 kapena 2 dB woyendetsa minibasi saithamangira, ndipo pa Spotify ikatsitsidwa idzakhalabe ndi moyo. Mafayilo awiri amasokonekera m'manja mwa anthu: ya pa fulashi imakapezeka kwa wofalitsa pa intaneti, ya pa intaneti kwa DJ. Kupatula ngati wailesi ya kanema yakupatsani muyezo wake polemba, monga -23 LUFS ya R128, pamenepo mungotsitsa voliyumu ya master yomweyo mpaka ifike.

Yesaninso mu mono. Zokuzira mawu za m'mabala, m'misika ndi m'maukwati zambiri zimalumikizidwa mono, masipika ambiri a Bluetooth chimodzimodzi. Log drum ikakhala ndi chorus kapena chotambasulira stereo, mbali ziwirizo zimadyana zikaphatikizidwa ndipo besi imasowa. Za pansi pa 120 Hz zikhale pakati.

Mayi_wa_Kwaya

Ndiwonjezere za amene adzawerenge izi ali ndi nyimbo za mtundu wina, chifukwa manambala a amapiano akawatengera ku kwaya adzaononga ntchito. Kwaya, nyimbo yachitamando yodekha, gitala ndi mawu okha, zimenezi zilibe ng'oma zokhala ndi timinga toti clipper imete mosamveka. Nsonga zake ndi mawu a anthu enieniwo, masoprano akakwera pa noti yaitali. Limiter ikagwira pamenepo imamveka nthawi yomweyo: mawu amauma, kolasi imene imayenera kutseguka imabwerera m'mbuyo. Nyimbo zotere zimakhala bwino cha pa -14 mpaka -12, zina ngakhale -16, ndipo kusiyana kwa vesi yofatsa ndi kolasi yamphamvu ndi mbali ya uthenga wake.

Komabe kusiyanako kukachuluka, womvera ali m'minibasi kapena pafupi ndi chigayo sadzamva vesi. Nambala yothandiza apa ndi LRA, imene Youlean imaonetsanso. Imayeza kutalikirana kwa zigawo zofatsa ndi zaphokoso m'nyimbo, osati timinga ta ng'oma ayi. Musaisokoneze ndi PLR. Nyimbo yovinitsa ikhoza kukhala ndi LRA ya 4 kapena 5 n'kukhala bwino. Ya kwaya ikapitirira 12 kapena 13, zigawo zofatsa zidzasowa pamalo aphokoso. Mankhwala ake si compressor yolimba. Jambulani mzere wa voliyumu ndi dzanja: kwezani vesi yofatsa ndi 2 kapena 3 dB, muitsitse pang'onopang'ono m'mabala awiri omaliza a vesiyo kolasi isanalowe, kuti kolasiyo idzamvekebe kuti yafika. Mukatero compressor ya 1.5:1 yotsitsa 1 kapena 2 dB imakwana.

Kumbukirani kuti chilichonse chimene mwakweza chimakwera ndi zinyalala zake. Mukakweza nyimbo ndi 8 dB, mwakwezanso ndi 8 dB kulira kwa magetsi kwa 50 Hz pamodzi ndi ana ake pa 100 ndi 150, jenereta ya kuseri kwa tchalitchi, mabenchi, mvula padenga la malata. Mverani pa mahedifoni poyambira ndi pothera nyimbo, pamene reverb ikuzilala, ndipo muchotse zimenezo ndi EQ yopapatiza musanayambe kukweza.

Pa chimbale, musafananitse nyimbo zonse pa LUFS imodzi. Yofatsa ikafanana nambala ndi yothamanga imamveka yofuula kuposa inzake. Fananitsani ndi khutu mawu a wotsogolera nyimbo kuchoka pa ina kupita pa ina. Spotify, munthu akamamvera chimbale chonse motsatana, imasuntha chimbalecho ngati chinthu chimodzi, ndiye kusiyana kumene munasiya pakati pa nyimbo kumasungika.

Ndipo achimwene a amapiano, samalani voliyumu imene mumagwirira ntchito. Fletcher ndi Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti khutu limamva besi ndi zapamwamba mosiyana malinga ndi kukwera kwa mawu: motsitsa besi imaoneka yochepa, mokweza imaoneka yambiri. Sankhani malo amodzi pa voliyumu, muikepo chizindikiro, muzibwerera pomwepo. M'kachipinda ngati kanuko 75 mpaka 79 dB yakwana, pamene mukhoza kulankhula ndi mnzanu osakuwa. Pa 85 dB malire otetezeka ndi maola 8, ndipo 3 dB iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2. Khutu lotopa limapempha zowala ndi zokwera, ndiye zigamulo za mastering muzipanga m'mawa, osati mutamikisa tsiku lonse.

Khutu_Lakuthwa

Za master imodzi ndikugwirizana nawo a Mmisiri, koma pali malo amodzi pamene fayilo yachiwiri imafunika, ndipo si nkhani ya LUFS, ndi ya true peak. Mita wamba ya mu pulogalamu imayeza timadontho ta sample tokha, timene kompyuta imasungiramo mawu. Funde lenileni likamangidwanso potuluka ku sipika limatha kukwera pakati pa timadontho tiwiri kupitirira tonse tiwiri. Mita ya true peak imachulukitsa timadonthoto kanayi kuti ione zimenezo. Choncho limiter yoikidwa pa -0.1 popanda true peak ikhoza kumatulutsa zopitirira 0, ndipo foni yotchipa kapena wailesi ya m'galimoto imaziphwanya.

Vuto limakula nyimbo ikasandutsidwa MP3, AAC kapena Ogg. Kusandutsako kumataya zina mwa mawu, mafunde amasintha, ndipo nsonga zimakwera. Nyimbo ikakhala yofinyidwa kwambiri ndiponso bitrate ikakhala yotsika, zimakwera kwambiri. N'chifukwa chake Spotify imalangiza -1 dBTP, ndipo kwa master yokwera kuposa -14 imalangiza -2. Pa nyimbo ya -9, kusiya -2 kumatanthauza kufinya 1 dB ina, ndiye ambiri amaima pa -1. Musatsatire nambala mwachimbulimbuli, yesani. Tulutsani WAV, isandutseni MP3 ya 320 ndi ina ya 128, zibwezereni mu pulojekiti yopanda kanthu pa master, muyeze true peak ya iliyonse. Ya 128 ikapyola 0, tsitsani denga la limiter ndi theka la dB, mubwereze. Mverani makamaka mahat, mashaker ndi ma "s", ndi pamene pamayambira kuthetheka.

Ndiye mafayilo anu akhale otere. WAV ya 24-bit, pa sample rate yomwe munajambulira, ipite kwa wofalitsa pa intaneti ndi kwa wopanga vidiyo. Akafuna 16-bit, imene ili ndi 96 dB pamene 24-bit ili ndi 144, thirani dither (kaphokoso kakang'ono koletsa kusasa potsikira ku 16-bit) kamodzi kokha, pamapeto penipeni, limiter itadutsa kale. MP3 ya 320 muipange nokha kuchokera ku WAV, osati kuchokera ku MP3 ina, ndipo ndi imene ipite pa fulashi ndi ku wailesi ngati sakulandira WAV. Pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti ifike monga ilili. Kachidutswa ka pa status, pa TikTok kapena pa Facebook kamafinyidwanso kumeneko, ndiye pa kameneko tsitsani master ndi 1 dB ina musanakapereke kwa wodula vidiyo, ndipo mumuuze kuti asaikenso limiter yake pamwamba.

Pa nyimbo yanuyi, tsitsani kaye phiri la 49 Hz lija ndi 3 dB pa log drum, chotsani limiter yoyamba ija, muone kuti yachiwiriyo ikutsitsa zingati kuti mufike pa -10. Mukabwere ndi nambala imeneyo pamodzi ndi short-term ya pamene log drum ikulowa, tidzaone ngati clipper ikufunika pa ng'oma zokha kapena pa master pomwe.